Kutsuka ndi Kupenta Gitala Yamagetsi ya Kaunjika Panokha

Magitala ambiri amagetsi amene akulira m'matchalitchi ndi m'mabandi a achinyamata kuno ku Angónia, ku Tsangano mpaka kumunsi ku Moatize sanabwere atsopano. Ina inachokera ku Johannesburg m'chikwama cha amalume, ina inagulidwa kwa munthu amene ankasaka ndalama ya feteleza, ina yakhala zaka pakona m'nyumba ya abusa. Ikamafika m'manja mwanu nsambo zachita dzimbiri, penti wakalikakalika, ndipo mukapotokola volume ikuchita phokoso ngati wailesi imene yasowa siteshoni.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: mnyamata amagula chitini cha penti tsiku lomwelo n'kupopera gitala yonse osamasula kanthu. Pakatha sabata penti akumatabe m'manja, gitala sikuchunika, ndalama yapita. Gitala iyambe yalira bwino, kenako ndiye ipentedwe. Ntchito ya manja ndi ya masiku atatu kapena anayi basi, koma kudikira kuti penti aume ndi milungu itatu kapena inayi. Ngati kwaya yanu ili ndi ukwati Loweruka likubwerali, musayambe lero.

Malangizowa ndi a gitala imene khosi lake linamangidwa ndi masikuluwu anayi kumbuyo, monga zija zotengera maonekedwe a Stratocaster, chifukwa ndi zimene zachuluka pa kaunjika.

Zofunika kukhala nazo

- Sikuludiraiva ya mtanda, yaikulu ndi yaing'ono, pulayasi, kasipanala kakang'ono ndi ma Allen key
- Sandipepa wa nambala 240, 400, 600, 1000, 1500 ndi 2000. Ku ferragem, sitolo ya zipangizo zomangira, funsani kuti lixa, ndipo kuyambira 600 kupita m'mwamba akhale wogwiritsa ntchito ndi madzi, uja amagula okonza mabodi a galimoto
- Kathabwa kosalala kokulungapo sandipepa
- Tepi ya pepala imene amagwiritsa ntchito openta, osati yakuda ya magetsi
- Zitini zopopera: chimodzi cha primer, penti woyalira pansi uja, ziwiri za mtundu umene mukufuna, ziwiri za vanishi wopanda mtundu. Zonse zikhale za kampani imodzi ndi za mtundu umodzi
- Phala lotsekera mabowo pa mabodi a galimoto, lija amati massa, pang'ono chabe
- Polishi wa galimoto
- Viniga, soda wophikira, sopo, mafuta a makina osokera, mafuta oyera odzola ana
- Mswachi wakale, nsanza zofewa za malaya a thonje, machesi, guluu wa matabwa, pensulo, rula ya mamilimita
- Masiki ndi timapepala ta pulasitiki tosungira masikuluwu
- Nsambo zatsopano, zimene nambala za kunenepa kwake ndi 9 mpaka 42 kapena 10 mpaka 46

Nsambo muzipeze musanayambe. Sizipezeka paliponse, ndipo ambiri a ife timachita kutuma amene akupita mumzinda wa Tete kapena amene akuwoloka malire pa Calómuè kupita ku Lilongwe. Zitini za penti musazisiye padzuwa kapena pansi pa galasi la chapa, minibasi ija. Zimaphulika zikatentha kwambiri.

Gawo loyamba: kuyesa ndi kumasula

1. Iyeseni musanamasule chilichonse. Ilumikizeni ku ampulifaya ngakhale yatsala ndi nsambo ziwiri. Gogodani pickup iliyonse, maginito aja okhala pansi pa nsambo amene amatola mawu, pang'ono ndi sikuludiraiva, mukusinthasintha switchi. Yamoyo imayankha kuti gu gu mu sipika. Potokolani volume ndi tone, gwedezani chingwe pa jeki, polowera pake paja, ndipo lembani papepala chilichonse chimene chikuvuta. Kenako ikani mutu wa gitala pafupi ndi diso muyang'ane khosi lonse ngati mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Khosi lopindika pang'ono ngati uta limakonzeka. Lopotoka, loti mbali ina yakwera ina yatsika, silikonzeka kunyumba, ndipo gitala yotere musawonongerepo ndalama ya penti.

Chenjezo: mukagwira nsambo n'kumva magetsi akukunyerenyetsani, zimitsani pakhoma nthawi yomweyo. Vuto limenelo limachokera ku ampulifaya kapena ku mawaya a m'nyumba, ndipo ndi la munthu wodziwa zamagetsi.

2. Jambulani zithunzi, kenako masulani. Tengani foni mujambule kutsogolo, kumbuyo, ndi m'kati mukangotsegula, makamaka pamene waya uliwonse wathera. Masulani nsambo pang'onopang'ono musanazidule. Chotsani chipulasitiki chapamwamba chimene chanyamula ma pickup, chotsani jeki, bridge imene ndi chitsulo chogwira nsambo pabodi, masipuling'i akumbuyo, timabatani tokolekapo lamba, ndipo khosi likhale lomaliza.

Chipulasitikicho musachikoke mwamphamvu. Chimakhala chitagwidwa ndi mawaya awiri opita ku jeki ndi umodzi wopita ku chitsulo chokoleka masipuling'i. Amenewa achotseni ndi soldering iron, chitsulo chowotcherera mawaya chija, kapena aduleni pafupi ndi pothera mutamata katepi kolembapo kumene ukupita. Masikuluwu a malo alionse akhale m'kapepala kawokawo. Amaoneka ofanana koma kutalika n'kosiyana. Mukapeza kapepala kapena kapulasitiki kopyapyala pansi pa khosi, kasungeni. Anakaika dala kuti khosi lipendekeke bwino.

Gawo lachiwiri: kutsuka

3. Zitsulo. Masikuluwu, masipuling'i ndi tizitsulo tokhalapo nsambo zimene zachita dzimbiri zivikeni mu viniga kwa maola ochepa, muzizionaona. Zitsukeni ndi mswachi, zitsukuluzeni m'madzi a soda, ziumitseni bwino padzuwa ndipo muzipake kamafuta ka makina osokera. Mukadumpha mafutawo, mawa lake dzimbiri labwerera. Makiyi ochunira musawavike. Apukuteni ndi kansanza, dontho limodzi la mafuta n'lokwanira. Ma pickup asakhudze madzi kapena viniga ngakhale pang'ono, chifukwa m'kati mwake muli waya wopyapyala ngati tsitsi umene ukaduka ndiye kuti yatha. Pamwamba pake pukutani ndi nsanza youma.

4. Khosi. Apa khalanipo, chifukwa ndi pamene dzanja limakhala tsiku lonse. Litsiro lakuda limene limaunjikana m'mbali mwa mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi tija, ndi thukuta la zaka zambiri losakanikirana ndi fumbi. Lipaleni ndi khadi lakale la pulasitiki, osati mpeni kapena lezala. Kenako tsukani ndi mswachi wonyowa pang'ono chabe, mukupukuta fureti iliyonse mukangomaliza. Madzi akalowa pansi pa mafureti thabwa limafufuma n'kuwatukula.

Pofuna kuwalitsa mafureti, matani tepi pathabwa mbali zonse ziwiri kuti chitsulo chokha chizionekera, ndiye mukhule mopepuka ndi sandipepa wa 1500 kenako 2000. Cholinga n'kuchotsa dzimbiri basi. Mukakhula fureti imodzi kwambiri idzatsika kuposa zinzake, ndipo nsambo izidzalira ngati njuchi pamalo amenewo. M'nyengo youma thabwa limafota pang'ono, nsonga za mafureti zimatulukira m'mbali n'kumakanda chala. Zisalazeni ndi sandipepa wa 600 wokulunga pa kathabwa, mopendeketsa, pang'onopang'ono.

Ngati thabwa lapamwamba ndi lakuda kapena lofiirira ndipo lilibe vanishi, lipakeni madontho atatu kapena anayi a mafuta oyera odzola ana, dikirani mphindi zisanu, pukutani onse otsala. Mafuta ophikira ayi. Amasasa, amamata, ndipo amaitana mphemvu. Ngati thabwalo ndi loyera lonyezimira, lili kale ndi vanishi, silifuna mafuta. Kumbuyo kwa khosi musapenteko. Ngati kukumata m'manja, kupititsako sandipepa wa 1000 kawiri katatu kumakwanira.

5. Zamagetsi. Uzirani fumbi ndi ulusi wa akangaude m'kati. Volume yochita phokoso nthawi zambiri ndi fumbi chabe. Pitani nayo kwa amene amakonza mawailesi ndi mafoni akupopereni contact cleaner, mankhwala otsukira zamagetsi, pa kabowo ka kumbuyo kwake, ndiye muipotokole uku ndi uku kambirimbiri. WD-40 wamba musathiremo, amasiya mafuta amene amakola fumbi lina. Ikakhala kuti yafa ndithu, werengani nambala imene yalembedwa kumbuyo mugule yofanana. Pa ma pickup opyapyala kawirikawiri imakhala 250k, pa onenepa aja a humbucker imakhala 500k. Jeki yogwedera imangeni mutaigwira m'kati ndi dzanja lina. Mukangopotokola kunja kokha, imazungulira yonse n'kudula mawaya.

Gawo lachitatu: kukonza bodi

6. Ganizani kaye ngati ikufunikadi penti. Itsukeni ndi nsanza ya madzi a sopo yofinya bwino, ipukuteni, ipakeni polishi wa galimoto. Magitala ambiri amene ankaoneka otheratu amabwerera pompano. Ngati zatsala ndi timizere tochepa, ineyo ndimati ilekeni choncho, pitani pa nambala 11. Penti wa ku fakitale ndi wolimba kuposa aliyense amene mungapopere pakhonde.

7. Khulani, koma musafike pathabwa. Apa ndi pamene ambiri amataya sabata yathunthu. Magitala otchipa amakutidwa ndi penti wa polyester wokhuthala ngati chigoba cha kamba. Mankhwala ochotsera penti sachita naye kanthu kwenikweni, ndipo amene amayesa kumuwotcha pa mbaula amapsereza thabwa n'kupuma utsi woipa. Komanso pansi pake simupezako mlombwa. Mupeza timatabwa tofewa tolumikizalumikiza, mwinanso pulayiwudi. Penti wakaleyo ndiye maziko anu abwino. Chofunika n'kungochotsa kunyezimira kuti watsopano apeze pogwira.

Kulungani sandipepa wa 240 pa kathabwa mukhule malo afulati, kenako bwerezani ndi 400. M'makona ndi m'mbali gwiritsani dzanja mopepuka, chifukwa penti wa m'mbali ndi wopyapyala ndipo amabooka msanga. Mwamaliza pamene palibe kadontho konyezimira kotsala. Valani masiki, fumbi limeneli si la m'munda.

Pamene panabenthuka tsekanipo ndi massa, akauma musalaze. Tsekani maso muyendetse zala. Chimene chala chamva, penti adzachionetsa kawiri. Mabowo a masikuluwu amene anakula, makamaka a lamba, alowetseni mitengo ya machesi yoviika mu guluu, dulani zotsala, asiyeni usiku wonse.

8. Tsekani ndi kupachika. Matani tepi m'chibowo chimene mumakhala khosi. Penti akalowamo khosi silidzakhalanso bwino. Tsekaninso mabowo a bridge. Mangirirani kathabwa kotalika ngati mkono m'chibowo cha khosicho kuti kakhale chogwirira ndi chopachikira. Pomaliza pukutani bodi ndi nsanza yoyera yonyowa pang'ono, idikireni iume, ndipo kuyambira pano musaigwirenso ndi manja. Mafuta a m'zala amachititsa penti kuthawa n'kusiya timabowo ngati maso a nsomba.

Gawo lachinayi: kupenta

Nyengo yathu ndi imene imalamula. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo penti amauma ali m'malere asanafike pa gitala, n'kugwera ngati mchenga. Kumeneko popererani m'mamawa, pamthunzi. Kumtunda kuno ku Ulongué ndi ku Tsangano vuto ndi lina. M'mawa wa Juni ndi Julaye kumakhala mame ndi nkhungu, ndipo vanishi wopopera m'chinyezi amachita mbuu ngati mkaka. Dikirani dzuwa likwere. M'dzinja, tsiku limene kwachita mitambo lisiyeni lipite. Mu Ogasiti ndi Sepitembala mdani ndi mphepo, fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire, choncho sankhani malo otchingika koma opita mpweya, ndipo wazani madzi pansi musanayambe. Pafupi pasakhale mbaula, kandulo kapena wosuta fodya, ndipo ana akhale kutali.

9. Primer, kenako mtundu. Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri zathunthu. Yesani kaye pa katoni. Chitini chitalikirane ndi gitala masentimita 20 mpaka 30. Yambani kupopera kunja kwa bodi, dutsani molunjika, siyani mutatuluka mbali inayo. Dzanja lisaime pamalo amodzi ndipo lisagwedezeke ngati mukuthamangitsa ntchentche.

Ulendo woyamba ukhale wopyapyala moti penti wakale azionekerabe. Mtima udzakuuzani kuti muwonjezere. Musaumvere. Dikirani mphindi zimene zalembedwa pachitini, bwerezani. Primer maulendo awiri kapena atatu, mumusiye usiku wonse, mawa musalaze ndi 600 mopepuka. Mtundu maulendo atatu kapena anayi, onse opyapyala. Penti akayenderera ngati msozi, musamukhudze ndi chala kapena nsanza. Musiyeni aume mpaka mawa, musalazeni ndi 600, popereninso.

Za mtundu: wakuda ndi wokongola koma amaulula cholakwa chilichonse. Pa gitala yoyamba sankhani woyera, wachikasu kapena wina wowala. Ngati ndi penti wonyezimira ngati wa galimoto, wa timchenga ta siliva, ulendo womaliza musaukhule.

10. Vanishi ndi kudikira. Popererani vanishi maulendo anayi mpaka asanu ndi limodzi, potsatira nthawi imene yalembedwa pachitini. Werengani bwino pamenepa, chifukwa penti wina amafuna kuti mubwereze msangamsanga kapena mudikire masiku angapo, ndipo mukapopera pakatikati amakwinyika ngati khungu la nkhalamba. Mukamaliza ipachikeni m'chipinda chimene simugonamo. Neti yakale yong'ambika imene simukuigwiritsanso ntchito mukhoza kuizunguliza patali kuti tizilombo tisaterepo.

Tsopano ilekeni milungu itatu kapena inayi. Gitala yanga yoyamba ndinaiika m'chikwama patangotha masiku asanu chifukwa kunja inkaoneka youma. Nditaitulutsa, nsalu ya chikwama inali itadindika kumbuyo konse, ndipo ndinayambiranso pa sandipepa wa 400. Penti amauma pamwamba m'kati akadali phala. Njira yodziwira ndi iwiri. Nunkhizani pafupi: ngati fungo likumvekabe, sanaume. Kenako dinikizani chikhadabo pamalo amene adzabisike pansi pa chipulasitiki: chikasiya chizindikiro, dikiraninso sabata. Kuyanika padzuwa la masana sikufulumizitsa kanthu, kumangotulutsa matuza.

Akauma ndithu, vikani sandipepa wa 1000 m'madzi a sopo pang'ono mukhule mopepuka mpaka timabampu tonga khungu la lalanje titatha, kenako 1500, kenako 2000. Madzi asalowe m'mabowo a masikuluwu, thabwa likafufuma limang'amba penti. Mukaona mtundu wa penti pa sandipepa, imani, mwabooleza vanishi. M'mbali musakhulemo n'komwe. Malizani ndi polishi wa galimoto pa nsanza yofewa, mozungulira, mpaka muzidziona nkhope.

Gawo lachisanu: kumanga ndi kuchuna

11. Bwezerani zonse. Yang'anani zithunzi zija. Khosi liyambe, masikuluwu anayi muwamange mopingasa, pang'onopang'ono, osalimbitsa limodzi lokha mpaka kumapeto. Lumikizani mawaya, ndipo uja wopita ku chitsulo cha masipuling'i musauiwale, ndiwo umathetsa kulira kwa mmm mukagwira nsambo. Ngati simunagwirepo soldering iron, wokonza mawailesi akuchitirani m'mphindi zochepa. Gogodaninso ma pickup musanaike nsambo. Masikuluwu a chipulasitiki musawalimbitse kwambiri pa penti watsopano. Musanakoke nsambo, pakani pensulo m'timipata ta kapulasitiki koyera ka kumutu kuti ziziterera pochuna.

12. Ikonzeni kuti ifewe m'manja. Tsatirani dongosolo ili osasinthanitsa.

Khosi poyamba. Chunani gitala, dinikizani nsambo yonenepa pa fureti yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, muyang'ane pa fureti ya 8. Mpata wa pakati pa nsambo ndi fureti ukhale wolowa mapepala a m'kope awiri kapena atatu osanjikiza. Ukakula, potokolani chitsulo cha m'kati mwa khosi ndi Allen key kumanja. Ukasoweratu, kumanzere. Musapitirire kota ya kuzungulira kamodzi, ndipo dikirani maola angapo musanawonjezere. Chikakana kuyenda musachikakamize, chikathyoka khosi latha.

Kenako kutalika kwa nsambo. Pa fureti ya 12, yonenepa italikirane ndi fureti pafupifupi mamilimita 2, yopyapyala 1.5 kapena kupitirira pang'ono. Kwezani kapena tsitsani tizitsulo ta pa bridge.

Ndiye mawu. Ikani pulogalamu yochunira pafoni. Imbani nsambo osaigwira, kenako idinikizeni pa fureti ya 12. Mawu akhale amodzimodzi. Akakwera, bwezani kachitsulo kake kumbuyo, kutali ndi khosi. Akatsika, kasunthireni kutsogolo. Chunaninso nthawi iliyonse mukasuntha. Gitala zambiri zimene oimba amati n'zabodza, zoti makodi apansi ali bwino koma kumtunda zikusemphana ndi kiyibodi, vuto lake limakhala pomwepa.

Ma pickup pomaliza. Mutadinikiza pa fureti yomaliza, atalikirane ndi nsambo mamilimita 2 kapena 3. Akayandikira kwambiri maginito amakoka nsambo n'kusokoneza mawu.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kusakaniza zitini za makampani osiyana chifukwa china chinatha pakati pa ntchito. Vanishi wina amadya penti wapansi n'kumukwinya pamaso panu. Ngati palibe kuchitira mwina, yesani kaye pa kathabwa kena, muone mawa.

Kupukuta gitala ndi thinner kapena petulo. Zimawononga mapulasitiki, ndipo penti watsopano amasungunuka nthawi yomweyo.

Kukhula zitsulo ndi waya wotsukira mapoto pafupi ndi ma pickup. Tizidutswa take timakakamira ku maginito ndipo sitichoka.

Kubwezera nsambo zakale pofuna kupulumutsa ma metical ochepa. Nsambo yadzimbiri imadya mafureti amene mwangowalitsa, ndipo singachunike molondola pa fureti ya 12.

Kuika sikuluwu yaitali pamalo a yaifupi. Ya khosi ikatalika imatulukira pakati pa mafureti, ya bridge imabooleza kumbuyo kwa bodi imene mwadikira mwezi wathunthu.

Kuisiya pa sitandi ya labala kapena kuikulunga ndi lamba wa pulasitiki m'miyezi iwiri yoyambirira. Labala amamatirira pa penti wosakhwima n'kusiya chipsera. Yalani kansalu ka thonje pamene gitala ikutsamira, ndipo popita nayo ku tchalitchi pa njinga kapena pa chapa muikulunge kaye m'chitenje chofewa musanailowetse m'chikwama.